Mmene ndidavutikira kuti ndifike pa botolo loyamba la vinyo kuno ku Mzuzu

Amene mukufuna kudzala mphesa kuno, yambani ndi chilolezo cholowetsera mbewu m'dziko muno timitengo tisananyamuke kumene tikuchokera. Zina zonse zimatheka.

Mphesa zotchuka za ku Ulaya monga Cabernet Sauvignon sizigwirizana ndi mvumbi wathu. Chinyontho chikachuluka masamba amachita mawanga achikasu, kunsi kwake nkumera chuku choyera, kenako nkuyoyoka. Nchifukwa chake ndidasankha za hayibulidi, zomwe adakwatitsa mpesa wa ku Ulaya ndi wa ku America wopirira matenda. Alamu anga ku Joni adandipezera Chambourcin, mtundu wa ku France umene udayamba kufala mu 1963, pamodzi ndi Isabella pang'ono.

Apa mpamene mtima umandiwawabe. Timitengo tidafika tili ndi chikalata chakwawo chotsimikiza kuti tilibe matenda, koma adatigwira podikira pepala lakuno. Ndidalawirira ku ofesi ina mvula ili waa. Mayi wa pakhomo adati, "Bambo, dikirani pabenchipo, abwana akubwera." Ndidakhala mpaka dzuwa kupendeka. Atafika abwanawo adangoyang'ana fomu yanga nkuti, "Achimwene, iyi njakale, komanso mukalipire kaye kubanki." Ndidathamanga pa kabaza, nkuima pamzere, nkubwerako ndi risiti itanyowa m'thumba la malaya, koma ndidapeza mwini chidindo wapita kumsonkhano ndipo kabati wakhoma. Palibe ndi mmodzi yemwe adandiuza m'mawa muja kuti fomu idasintha, chonsecho onse adandiona ndili nayo m'manja! Ndalama yake sinali yambiri ayi. Chidandipweteka nchakuti mbewu ndi chinthu chamoyo, siidikira msonkhano. Pomwe ndimamasula katoni, nyuzipepala yonyowa imene alamu adakulungira inali itauma gwa, ndipo timitengo tambiri tikati tikande ndi chikhadabo mkati munali mofiirira m'malo mobiriwira. Tidaphuka tochepa.

Choncho pepala liyambe, mbewu pambuyo. Ndipo funsani ngati fomu muli nayoyo ndi yatsopano musanakhale pabenchi.

Totsalato ndidadzala pamtunda podutsa mphepo, nkumanga mawaya. Kudulira ndi nthawi yozizira, cha mu Juni kapena Julayi. Zipatso zenizeni musaziyembekeze chisanafike chaka chachitatu, ndipo mbalame zidzayamba kulawa inu musanalawe, ndiye konzeranitu ukonde.

Ndisanaiwale, poitanitsa mbewu itanitsaninso yisiti ya vinyo, ngati EC-1118, ndi kachipangizo koyezera shuga kotchedwa hydrometer. Yisiti ya mandasi imawiritsa ndithu, koma fungo lake limatsalira m'vinyo.

Za hayibulidi zimakhala ndi asidi wambiri, ndipo zikapsa mvula ili mkati shuga amachepa. Mukafinya, yezani madziwo. Ine ndimafuna afike pa 1.090 pa hydrometer ija, zomwe zimapereka mowa wa mphamvu ya 12 peresenti kapena kuyandikira pamenepo. Akapanda kufika thirani shuga pang'onopang'ono mukuyeza. Magalamu pafupifupi 17 pa lita amakweza mphamvu ndi 1 peresenti. Osathira mongoganizira ngati mukukonza thobwa. Ikani piritsi limodzi la Campden, mankhwala oletsa tizilombo toononga vinyo, pa malita 4.5 aliwonse, ndipo yisiti ilowe patapita maola 24.

Sabata yoyamba zimawirira mu ndowa pamodzi ndi makoko, ndiwo amapereka mtundu wofiira. Makokowo amayandama pamwamba, muziwakankhira pansi m'mawa ndi madzulo. Kenako sefani nkuthira m'chigubu chatsopano, osati chomwe mudali mafuta ophikira. Pachivindikiro boolani, lowetsani kapayipi, matani bwino, mbali inayo imire m'botolo la madzi kuti mpweya uzituluka koma usalowe. Usiku wa kuno ukazizira kuwira kumachedwa, ine ndimafunditsa chigubucho bulangete. Thovu likasiya, tsanulirani m'chigubu china kusiya matope pansi, ndipo chidzaze mpaka kukhosi, apo ayi mupeza viniga.

Chambourcin adatuluka wofiira kwambiri, wowawasa pang'ono koma wokoma ndi nyama yowotcha. Isabella fungo lake ndi lamphamvu, ena kunyumba adalikonda, ena ayi. Chaka chino ndikudula timitengo tanga m'munda momwemu, ndipo ofuna kuyesa ndiwagawira kuti asakakhale pabenchi lija.