Tsiku limene Dyna inandimeza mwendo pamaso pa apongozi

Galimoto yanga ndi Toyota Dyna yoyera, ya matani awiri, imene ndinagula kwa munthu mu 2019. Ndiyo imadyetsa banja langa. Lero ili ku Senga Bay kusenza usipa, mawa ku Lifuwu kukatenga mpunga, ikafika Novembala ndiye feteleza yekhayekha kulowa naye m'midzi ya ku Khombedza. Injini ndimaisamala ngati khanda, oyilo pa nthawi yake, madzi m'rediyeta m'mawa uliwonse. Koma sitepe, kachitsulo kopondapo pokwera kutsogolo kaja, sindinkaiganizirako n'komwe.

Pa sitepe ya mbali ya pasenjala panali kalabala kamene mwini wake woyamba anakhomererapo kuti anthu asamaterereke. Lachinayi lina ndinali kutsuka galimoto chifukwa Loweruka lake ndinayenera kunyamula apongozi anga aakazi ndi gulu lawo kupita ku Nkhotakota, ku chinkhoswe cha mlamu wanga. Ndinati ndikweze kalabala kaja ndichotse mchenga. Zimene ndinaonazo! Chitsulo chinali psuu, chikumatuka ngati nkhoko za mumphika wa nsima. Nditagogoda ndi sipanala, m'malo molira ngwee chinangoti phu phu, fumbi lofiira likuyoyoka. Pakona panali kale bowo loti chala chachikulu n'kulowa.

Kuno anthu amakonda kunamizira mphepo ya kunyanja. Nyanja yathuyi ilibe mlandu, madzi ake si amchere ngati a ku Beira. Chimene chimadya magalimoto athu ndi katundu amene timasenza. Yureya akatayika amakoka chinyontho n'kumangokhala chinyowere pachitsulo, ndipo anyamata otsitsa matumba amamuponda n'kubwera naye pa sitepe. Usipa wofutsa uli ndi mchere wake. Tayala lakutsogolo limamwaza matope kunsi, labala n'kumasunga madzi pamwamba. Chitsulo, madzi ndi mpweya zikagona pamodzi, dzimbiri limabadwa, mchere ndi feteleza n'kukhala azamba. Izi ndikuzilongosola bwino lero. Tsiku limenelo sindinkafuna sukulu, ndinkafuna apongozi aone kuti mwana wawo anakwatiwa pabwino.

Ndinapitabe kwa mkulu wina wowotcherera pa Kamuzu Road. Anagwada, anabaya ndi sikuludiraiva, inalowa ngati m'papaya lakupsa.

"Bwana, apa palibe chopenta. Chitsulo chinatha kale. Tidule, tiikepo cheka puleti yatsopano. K45,000."

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti ineyo ndinabadwira ku Salima konkuno, asandione ngati mlendo wa kuhotela. Iye anangopukuta manja pa ovolo n'kunena kuti, "Chabwino bwana, tizionana." Mawu amenewo ndikanawamvetsa bwino.

Usiku ndinapeza kanema pa foni, mzungu akuthira Coca-Cola pa bawuti ya dzimbiri, bawuti n'kutuluka ili mbee. Ndinati laponda la mphawi. N'zoona kuti m'chakumwachi muli asidi wotchedwa phosphoric, yemwe amapezekanso m'mankhwala enieni a dzimbiri, koma ndi wochepa zedi. Angayeretse kabawuti koviikidwa usiku wonse, osati chitsulo choola. Ndinakhuthulira mabotolo awiri pa sitepe, mwana wanga Tadala akulira kuti adadi akumwetsa galimoto pomwe iye amamumana. Kutacha, dzimbiri linali pompo, koma nyerere za boma lonse la Salima zinali zitasonkhana ngati pa msonkhano wa chipani.

Nthawi inali itatha. Ndinang'amba katoni ya sopo, ndinatseka nayo bowo chakunsi, pamwamba ndinamata bodi fila, phala lomatira mabowo pa galimoto, n'kusalaza ndi supuni. Kenako penti wakuda wonyezimira, kupaka katatu. Labala ndinataya. Dzuwa la Salima silichedwa kuumitsa chinthu, pofika madzulo sitepe inali waliwali moti nkhuku inabwera kudzajompha chithunzi chake. Mayi a Tadala anaima pakhonde manja ali m'chiuno.

"Bambo a Tadala, mwapoletsa chilonda kapena mwangochimanga nsalu?"

Ndinawauza kuti za magalimoto azisiyira eni ake.

Loweruka tinafika kwa apongozi ku Khombedza dzuwa lisanakwere. Ndinavala buluku la suti ya ukwati wathu, limene kunena zoona linasokedwa ndisanayambe kudya ndalama za usipa. Pabwalo panali podzaza: amayi a nsalu zofanana, madengu a ufa, nkhuku zomangidwa miyendo, ankhoswe ndi zipewa zawo, ana osawerengeka. Onse anali okwera kumbuyo, kupatula apongozi amene ndinawasungira mpando wakutsogolo.

Amene mukudziwa mwambo wathu mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso. Tikamapatsana moni ine ndimanjuta ndikuyang'ana kumbali, iwo amayankha akuyang'ana kwina. Zaka 9 takhala choncho popanda vuto. Ndiye anafika pachitseko, mayi wathupi lake ndithu, anayang'ana sitepe ija nthawi yaitali, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, tawafunsa bambo a Tadala. Chonyezimirachi chindinyamula?"

Ndikanangoti eya n'kuwabweretsera kampando. Koma ankhoswe anali kumvetsera, ndipo mlamu wanga wamwamuna, amene pakamwa pake sipatsekeka, anali atayamba kale kumwetulira. Ndinati, "Auzeni amayi asade nkhawa, ichi n'chitsulo cha ku Japan." Ndinakwera ndi mwendo wamanja, ndinagwira chitseko, ndinadumphapo kamodzi. Chinapirira. Kachiwiri ndinamva kakuti tswa, koma ndinayesa ndi penti. Kachitatu ndinadumpha mwamphamvu kuti a kumbuyo aone.

Phooo!

Mwendo unapitirira mpaka m'bondo, nsapato n'kukagunda dothi. Nthawi yomweyo kumbuyo kwanga kunamveka kwaaa, msoko wa buluku kuyambira pa lamba mpaka kumene msoko umathera. Nkhope yanga inali m'galimoto, ndipo mbali imene inang'ambikayo ndi imene inaloza kwa anthu. M'katimo ndinali nditavala kabudula wa mpira wofiira, wa nambala 7.

Pabwalo panati zii. Ngakhale nkhuku zinakhala chete. Apongozi anatembenuka mwaulemu wonse n'kuyang'ana kunkhokwe.

"Pepani apongozi," anatero, akuuza nkhokwe. Koma mapewa awo ndinawaona pagalasi la pachitseko, anali kugwedezeka ngati akupeta mpunga.

Ndinayesa kuzula mwendo, osatheka. Chitsulo chinali chitapindikira pansi mano ali tsaa kuzungulira katumba, ndendende mono wa nsomba: kulowa ulere, kutuluka ayi. Ndikakoka chimaluma. Apa ndiye aliyense anasanduka katswiri. Wina akuti thirani mafuta ophikira, wina akuti sopo, nkhoswe wamkulu akuti tiimike galimoto pa jeki, ngati kuti vuto ndi tayala. Mlamu wanga anali kuzungulira ndi foni akufunafuna pojambulira pabwino.

"Alamu, tayang'anani kuno pang'ono. Timu yanu yagoletsa zingati?"

Amene anandichitira chifundo ndi apongozi omwewo. Osatembenuka, anamasula nsalu yapamwamba, anapatsira kamtsikana, kamtsikana kanapatsira mayi a Tadala, mayi a Tadala n'kudzandimanga m'chiuno. Pomanga mfundo anandinong'oneza kuti, "Eni ake a magalimoto." Ndinaima choncho pafupifupi ola lathunthu, mwendo umodzi m'galimoto, nditavala yunifolomu ya amayi a chinkhoswe, kudikira mnyamata amene anathamanga pa kabaza kukaitana wokonza njinga. Anabwera ndi pulayala ndi sowo yodulira zitsulo, anapinda manowo limodzilimodzi, ndipo atafika pa katoni ija anaikweza m'mwamba kuti aliyense awerenge dzina la sopo.

Tisanalowe mu M5 ndinadzera pa chipatala chaching'ono, chifukwa katumba anali atakandika mizere itatu. Namwino anatsuka, anandibaya jakisoni wa kafumbata, n'kundiuza kuti si dzimbiri lenilenilo limene limadwalitsa koma tizilombo ta m'dothi ndi m'ndowe timene timalowa pabala. Anafunsanso ngati nsaluyo ndi ya mpingo. Ku Nkhotakota tinafika mochedwa, titadutsa Benga ndi Chia m'galimoto muli chete, apongozi akuyang'ana kunja, ine ndikuyang'ana msewu. Anakwera pogwiritsa ntchito mtondo wogadabuza.

Lolemba ndinabwerera pa Kamuzu Road. Mkulu uja sanaseke, chifukwa chithunzi anali atachiona kale pa WhatsApp ndipo anali atamaliza kuseka Lamulungu. Mtengo unali utakwera kufika K60,000 poti ndinapindanso chitsulo chogwiriziza sitepe. Ndinakhala pa tayala n'kumaonerera. Anadula chonse choola mpaka pamene chitsulo chinayamba kulira ngwee. Potsalapo anapala ndi giraindala ndi burashi ya waya mpaka kuyera, m'makona mosafika makina anapaka mankhwala amene amasandutsa dzimbiri kukhala lakuda ndi louma. Atawotcherera puleti anaboola timabowo tiwiri kuti madzi azidontha, anapukuta ndi thinala, kenako redi okusaidi, penti wofiira woteteza chitsulo ku dzimbiri, kawiri, kuyambira kunsi kumene ine sindinasuzumireko n'komwe. Penti wakuda anabwera pomaliza, ndipo asanaume anawazapo mchenga wosefa kuti phazi lizigwira popanda labala. Sitepe ya mbali yanga nayonso anaipala, inali itayamba. Anandiuza kuti tsiku lililonse ndikasenza feteleza ndizitsuka ndi madzi ambiri kunsi komwe, ndipo penti akangosupuka ndizipakapo sabata yomweyo.

Mwezi watha ndinapitanso ku Khombedza kukawatenga apongozi kupita nawo kuchipatala cha boma kukapimitsa BP. Anafika pachitseko, anayang'ana sitepe yatsopano ija, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, tawauza bambo a Tadala ayambe adumphapo katatu."