Chimfine chosatha ndi vitamini D

Nyengo ino ya mphepo ya mwera, pamene mango akuchita maluwa ndipo fumbi lachuluka kuno ku Mangochi, anthu ambiri akudandaula za chimfine chosatha: kuyetsemula motsatizana m'mawa, mamina amadzimadzi, kuyabwa m'mphuno ndi m'maso, koma thupi osatentha. Kawirikawiri chimfine chotere sichiyamba ndi kachilombo. Chitetezo cha m'thupi ndicho chimalimbana ndi mungu, fumbi kapena nkhungu ngati kuti ndi adani, ndipo chimatulutsa mankhwala a m'thupi otchedwa histamine amene amatupitsa m'kati mwa mphuno.

Ofufuza ena apeza kuti anthu amene ali ndi vutoli amakonda kukhala ndi vitamini D wochepa m'magazi, ndipo vitaminiyu amathandiza kuti chitetezo chisamachite zinthu mopitirira muyeso. Ena angadabwe kuti munthu angasowe bwanji vitamini wa dzuwa m'boma lotentha chonchi. Khungu limapanga vitaminiyu dzuwa likaliwomba, ndipo khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo. Kuwala kodutsa pagalasi sikuthandiza, choncho wogwira ntchito mu ofesi kapena m'sitolo tsiku lonse akhoza kumusowa ngakhale akutuluka thukuta.

Komabe ndikuona kuti si bwino kuthamangira kugula mapiritsi, chifukwa kupezeka pamodzi kwa mavuto awiri sikutanthauza kuti limodzi ndilo layambitsa linzake, ndiponso vitamini D akachuluka amakweza kashiamu m'magazi n'kuwononga impso. Nsomba zamafuta, mazira ndi chiwindi, zomwe zili ndi vitaminiyu, zilipo pamsika. Amene chimfine chikumusowetsa tulo akaonane ndi dokotala, ndipo ngati akutsokomola kapena kubanika asazengereze, popeza vutoli limayenderana ndi mphumu.