Ndere za ku Zanzibar ndi kafukufuku wofika kwa mlimi

Temu ino pa kosi yathu ya zausodzi tikuphunzira za chuma cha m'nyanja yamchere, ndipo nkhani yomwe yandikhala pamtima ndi ya ulimi wa ndere ku Zanzibar.

Ulimiwu sunangobuka wokha. Pulofesa Keto Mshigeni wa pa University of Dar es Salaam anatha zaka zambiri akufufuza ndere za m'mphepete mwa nyanja ya Tanzania, n'kumalimbikitsa anthu kuti azizilima m'malo mongozula zomera zokha mpaka kuzimaliza. Mu 1989 mbewu yochokera ku Philippines inabzalidwa ku Paje ndi Jambiani, midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Zanzibar, amayi n'kuigwira ntchitoyo ndi manja awiri. Madzi akaphwera, amamangirira tinthambi ta ndere pa zingwe zokhomedwa mumchenga, ndipo pakatha milungu ngati 6 amakolola n'kuyanika. Makampani akunja amatengamo carrageenan, yomwe imalimbitsa ayisikilimu ndi mankhwala otsukira mano.

Kenako madzi osaya aja anayamba kutentha kwambiri. Mtundu wa ndere wotchedwa cottonii, womwe umagulidwa pamtengo wabwino, unayamba kuyera n'kumaduka ndi matenda otchedwa ice-ice. Alimi anatsala ndi spinosum, wopirira koma wotchipa.

Apa m'pamene ndinachita chidwi ndi ntchito ya Dr Flower Msuya, yemwe anali pa Institute of Marine Sciences ya yunivesite yomweyo. Iye ndi anzake anayesa kulima cottonii m'madzi akuya, ozizirirapo, ndere zitaikidwa m'maukonde aataliatali osokedwa ngati thumba kuti mafunde asazikokolole. Zinakula. Wina akanalemba lipoti n'kutseka buku, koma funso lenileni linali lisanayankhidwe: mayi wosadziwa kusambira, wopanda bwato, akafika bwanji kumundako? Choncho kuphunzitsa amayiwo kusambira ndi kuyendetsa bwato kunasanduka mbali ya ntchito yomweyo. Komanso kudzera m'bungwe la Zanzibar Seaweed Cluster Initiative, lomwe Dr Msuya analiyambitsa mu 2006, amayi anaphunzira kupera ndere n'kupangira sopo ndi mafuta odzola, kuti asamangodikira mtengo wa wogula mmodzi.

Kwa ine, gawo la kusambirali ndi sayansi ndithu, ngakhale silimveka lapamwamba m'kalasi. Kafukufuku wanga womaliza adzakhala wa kayanikidwe ka usipa ku Mangochi, ndipo pa mafunso omwe ndikukonza ndawonjezerapo ofuna kudziwa mwini thandala ndi ndani, ndiponso ndalama zikabwera amazisunga ndani.