Nyemba ya m'diso

Womasulira wa pampingo pathu anagwidwa malungo Lachisanu, chonsecho Lamulungu kumabwera mlaliki wochokera ku America. Akulu a mpingo atakhala pansi, maso onse anagwera pa ine. Ndinadziputira ndekha: ndinakhoza Chingerezi pa MSCE, ndipo nkhani imeneyi ndinkaitchula ngakhale pamaliro.

Loweruka usiku ndinabwereka dikishonale kwa aphunzitsi ena, cholinga ndiloweze yonse. Pa A ndinangodumphadumpha. Pofika pa B tochi inayamba kufooka, ndiye ndinakakamira tsamba limodzi la mawu oyamba ndi bea. Bead ndi mkanda. Beak ndi mlomo wa mbalame, uja nkhuku imajomphera chimanga. Beam ndi mtanda wa denga, bean ndi nyemba, bear ndi chimbalangondo, beat ndi kumenya. Ndinawaimba ngati nyimbo ya Sande sukulu mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati ndalodzedwa. Pansi pa bear panali matanthauzo enanso m'tizilembo ting'onoting'ono, koma tochi inathima ndisanawaone.

M'mawa ndinavala jekete ya paukwati n'kukaima pambali pa mlendo. Moni ndinamasulira bwinobwino, amayi mpaka kululutira. Kenako bambo uja anatsegula Baibulo lake la King James, Chingerezi cha mu 1611 chodzaza thee ndi thou, chomwe ku sekondale sitinachione. Anawerenga Mateyu 7:3. Mawu akuti mote sindinkawadziwa, koma kachitsotso ka m'diso amakadziwa Mkhristu aliyense, ndiye apo ndinadutsa. Vuto linadza pa beam. Sipika yathu imalira ngati njuchi, m ndi n zimatuluka zofanana. Komanso kuno ndi ku Dedza, inali nyengo yokolola, mutu wanga unangotola chomwe unazolowera.

"Ukuona bwanji kachitsotso m'diso la m'bale wako," ndinatero mokweza, "pomwe m'diso mwako muli nyemba?"

Tchalitchi chonse chinangoti zii. Ndikanakonza pomwepo, koma mlaliki anali atatenthedwa kale. Anatambasula manja kusonyeza kutalika kwa chinthucho, n'kuyamba kuyenda paguwa ngati munthu amene chamutulukira kumaso, akatembenuka chikugwetsa anzake. Ine ndikanabwerera bwanji? Ndinapitiriza kuti nyembayi ndi yotalika mamita atatu, yoti amuna anayi anyamule, ndipo mwini wake sangalowe nayo pakhomo.

Kumbuyo bambo wina, mlimi wodziwika, anafunsa mosanong'ona: "Mbewu imeneyo ikugulitsidwa kuti? Napilira safika pamenepo!"

Anthu anaphulika nacho chiseko. Mlendo anaganiza kuti nthabwala yake yagwira, anandisisita paphewa n'kuibwereza kawiri. Thukuta linali litadutsa malaya, likulowa mu jekete.

Pomaliza anapita pa Agalatiya 6:2. Nditangomva liwu loyamba, bear, mtima unakhala pansi, poti ili ndiye ndinaliloweza bwino. "Abale," ndinatero molimba mtima, "mavuto a mnzako ndi chimbalangondo."

Apa agogo ena a kutsogolo, omwe Buku Lopatulika lawo linathothoka chikuto kalekale, anaimirira pang'onopang'ono atagwira ndodo.

"Mwana wanga, zimbalangondo zili ku 2 Mafumu 2, zija ziwiri zinakhadzula ana 42 onyoza Elisa. Apa akuti nyamuliranani zothodwetsa. Ndipo chija cha m'diso ndi mtanda, si ndiwo ayi."

Mlaliki anandiyang'ana kuti ndimuuze zomwe agogo anena. Ndinamuuza kuti akuti ulaliki wawakhudza kwambiri. Anawathokoza ndi manja awiri.

Nditafika kunyumba ndinatsegulanso tsamba lija padzuwa. Tizilembo tija tinkati bear ndi kunyamulanso, kupirira, ngakhale kubala zipatso. Chimbalangondo, nyama yomwe sindinaionepo ndi maso, chinangokhala pamwamba pa zonsezo.

Koma izi zinali madzulo. Masana kunali nkhomaliro kunyumba kwa abusa, ndipo ndiwo zake simungafunse. Amayi abusa anagwada, n'kuika mbale patsogolo panga mwaulemu wonse.

"Idyani bwino, a Nyemba," anatero. "Koma musamale maso."

Papita zaka zitatu, ndipo ana a m'mudzi muno sadziwa kuti ndili ndi dzina lina.