Za wotchi ija, muzimve kwa mwini wake

Poti ena mwayamba kundiimbira likhweru ndikamalowa mu ofesi, bola ndinene ndekha. Inde, wotchi yanga yowerenga masitepe pa mpikisano wathu wa ku ofesi inali m'khosi mwa Bingo, galu wanga. Koma za nyumba ya geti lobiriwira ija mukuzikometsera dala.

M'mawa umenewo ndinadzuka n'kupeza akazi anga ali chikhalire pampando, foni yanga ili m'manja.

"Bambo, takhalani apa."

Pa foni panali mapu, pa mapupo mzere wofiira wosonyeza kumene ine, mwamuna wapabanja, ndinayenda cha m'ma 2 koloko usiku. Mzerewo sunatulukire pa geti. Unatulukira pakona pa mpanda, pakadzenje koti ngakhale mwana wokwawa angavutike. Ndiye akazi anga anaukulitsa ndi zala ziwiri, n'kuyamba kuulondola pang'onopang'ono.

Akuti ndinawoloka msewu n'kuima pa polo ya magetsi. Masekondi ochepa chabe. Kenako polo ina, kuimanso. Mtengo, kuima. Tayala la galimoto ya aneba, kuima. Sindinaphonye polo ngakhale imodzi msewu wonse uja, anzanga, ndinali munthu wadongosolo. Ndinakhalako pang'ono kudzala. Kuchoka apo mzere unangowongoka kuti thwii, liwiro loti Usain Bolt, ndi masekondi ake 9.58 a ku Berlin mu 2009, akanacheuka kuti aone amene akumupumira m'khosi. Ndikuganiza kuti panadutsa mphaka.

Ndiyeno mzere unalowa pa geti lobiriwira, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, n'kukhala kumeneko ola lathunthu. Wosapita kwina. Wangopiringizana pamalo amodzimodzi. Pansi pake app inali italemba mawu ondiyamikira kuti thupi ndaligwiritsa ntchito kwambiri usiku umenewu, ndipitirize chomwecho. Ndipo popeza mpikisano wathu wa masitepe umatumiza zonse ku gulu, anthu asanu ndi mmodzi anali ataika kale kachala koloza m'mwamba. Abwana analembapo kuti, "Achimwene, mukutipatsa chitsanzo."

"Kuseri kwa nyumba ya eni ake, ola lathunthu, mumatani?"

Apa m'pamene panavuta. Ndinayenera kusankha kukhala wachimasomaso kapena wobera mpikisano wa kuntchito, ndipo ndinakhala chete kaye kulingalira. Osati nthawi yaitali. Koma akazi anga akuti inali yaitali ndithu. Munthu unali nambala wani pa gulu, sungangoutaya udindo osauganizira.

Ndinayesa kunena kuti GPS imalakwitsa. Iwo anayankha kuti imalakwitsa ndi mamita ochepa, siinyamula munthu pabedi n'kukamuika kuseri kwa nyumba ya mayi wina. Zoona zake n'zomwezo. Kuti wotchi idziwe pamene ili imafunika masetilaiti osachepera anayi, ndipo amenewo ali m'mwamba makilomita oposa 20,000. Mboni zinayi, zonse zakumwamba, zonse zikuloza ine. Ndani angawine mlandu wotere?

Ndinaitana Bingo kuti adzandipulumutse. Anabwera akugwedeza mchira, maso ali ofiira ndi tulo, m'khosi mulibe kanthu.

Tsono ndisanapitirize, inu amene mukunditcha wakuba mumve izi. Masitepe 10,000 amene mukuwalambirawo sanachokere kwa dokotala. Anachokera kwa otsatsa malonda. Kampani ina ya ku Japan inatulutsa kachipangizo kowerenga masitepe mu 1965, dziko lawo litangochititsa masewera a Olympics ku Tokyo mu 1964, ndipo nambala yozungulira bwinoyo inathandiza kuti kagulidwe. Mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya Harvard ku America anaona kuti mwa amayi achikulire phindu la kuyenda linkakwera mpaka cha m'ma 7,500, kenako n'kungokhazikika. Nditanena izi ku ofesi wina anandifunsa ngati ndine gogo wamkazi. Nsanje basi. Komanso wotchiyo sidziwa mwendo wa munthu. Muli kachipangizo kotchedwa accelerometer kamene kamangomva kugwedezeka. Ndikudziwa awiri mwa inu amene mumapukusa mkono muli pampando mukuonera mpira, ndipo wina amaiika m'thumba la mwana popita kusukulu. Ine ndinangosankha wothandiza wa miyendo inayi, masamu ake ndi omveka.

Za mapu kuulula zinsinsi, si ine woyamba. Mu Januwale 2018 zinadziwika kuti mapu a Strava, app yosunga njira za anthu othamanga, akuonetsa misasa ya asilikali a America ku Afghanistan ndi ku Syria, chifukwa asilikaliwo ankathamanga mozungulira misasa atavala mawotchi awo. Anthu ophunzitsidwa kubisala amenewo. Nanga ine ndi Bingo tikanatani?

Mapu ankasonyeza kuti wotchi ikadali kuseri kwa nyumba ija. Akazi anga anati tipite tonse, ndipo ine ndikhale patsogolo. Bingo sanachite kuitanidwa, njira ankaidziwa kuposa tonse.

Anatsegula mayi wachikulire wovala magalasi. Ndinapereka moni mwaulemu wonse umene ndinaphunzitsidwa, n'kunena kuti ndabwera kudzatenga wotchi yanga imene inatsala kuno usiku. Mawu amenewa ndinawamva kuipa kwake atatuluka kale. Akazi anga anatsokomola. Mayi aja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anayang'ana Bingo, amene anali atalowetsa kale mphuno pa geti.

"Ndiye uyu ndi wanu? Usiku wonse sitinagone naye. Anabwera agalu ambiri, koma wa wotchi anali yekhayu."

Galu wawo wamkazi inali nyengo yake yofuna amuna. Wotchi anaipeza pansi pa chingwe choyanikira zovala, lamba atatafunidwa mbali imodzi, ikunjenjemera kukumbutsa mwini wake kuti wakhalitsa, aimirire. Pondipatsa anandiuza kuti bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63, ndiye ndiyambe kukonzeka chifukwa ana ofanana ndi Bingo sadzawasunga okha. Akazi anga anaseka mpaka kugwira mpanda. Sanapepese chifukwa chondiganizira zoipa, akuti mapu anali omveka bwino.

Pa mpikisano munandichotsa, chabwino, ngakhale palibe pamene munalemba kuti masitepe akhale a miyendo iwiri. Wotchi ndikuivalabe, lamba ndinamanga ndi kawaya. Vuto ndi loti ikukumbukira usiku uja, ndiye madzulo alionse imandiuza kuti ndatsika kwambiri poyerekeza ndi mmene ndinalili kale, ndiyesetse. Ndafufuza pochotsera mbiriyo koma ikufuna password, ndipo amene anaisintha sakundiuza.