Pepani Anandithera Lachinayi

Mawu amene ndimawatchula kwambiri pa ntchito yanga ndi "pepani". Ndimakhala pa kauntala ya loji ina m'mphepete mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, ndipo chino ndi chaka changa chachinayi. Kuti mutipeze mumasiya tala wa M5 n'kulowa kamsewu kafumbi kodutsa m'minda ya chinangwa, ndipo mukayamba kuganiza kuti mwasochera, ndiye kuti mwatsala pang'ono kufika. Kutali kumeneku n'kumene alendo amalipirira, n'kumenenso amadandaulira akafika. Wopepesa ndiye ine. Ndimapepesera msewu, netiweki, udzudzu, ngakhale tambala wa m'mudzi woyandikana nafe amene amalira nthawi yake osafunsa kuti m'chipinda nambala 3 mwagona ndani. Achemwali amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankati mlendo ndi mame, usalimbane naye, dzuwa likatuluka akamuka yekha. Ndakhala ndikuyendera mawu amenewo. Sabata yathayi anandikanika kamodzi.

Tili mu Julaye, ndipo mwera wakwiya. Amene munakulira kunyanja mukudziwa kuti mphepo imeneyi ikayamba, nyanja imasanduka ina. Mafunde amapuntha gombe usiku wonse, asodzi amakokera mabwato kumtunda n'kumasoka maukonde, ndipo chambo chimasowa ngati ndalama ya pakati pa mwezi. Lolemba ndinafika pa kauntala 5:30 m'mawa, kuona mabatire a sola ngati atsala ndi moto, kufunsa mnyamata wotenthetsa madzi ngati nkhuni zilipo, kenako kupita pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa stolo, pomwe foni imagwira bwino, kukatsitsa mauthenga a usiku. Pobwerera ndinapeza mayi wina wa ku Ulaya akundidikira, foni ili m'manja. Anabwera Lamulungu ndi amuna awo, onse achikulire ndithu. Anandionetsa chithunzi cha gombe lathu, madzi ali bata, miyala ya pansi ikuoneka mbee.

"Nyanja iyi ili kuti?"

Ndinawalozera pawindo. Sanaseke. Anati sanagone chifukwa cha phokoso ndipo akufuna chipinda china. Zipinda zathu zonse zinamangidwa moyang'ana kunyanja, n'chifukwa chake n'zodula. Chopanda phokoso n'chimene timagona ife antchito kuseri kwa khitchini, koma zimenezo sindinanene. Ndinati pepani, n'kuwasamutsira chakumapeto komwe kuli mitengo yotchinga mphepo. Masana anaitanitsa chambo, ndinati pepani kachiwiri. Akulu a kukhitchini anatumiza wakabaza ku Chia, anabwerako ndi kampango, ndipo nkhani inathera pamenepo.

Lachiwiri linapita ndi nkhani ya ndalama. Mnyamata wina woyenda ndi chikwama kumsana, amene anagona patenti masiku awiri, anafuna kulipira ndi kadi. Makina a kadi amafuna netiweki, choncho tinayenda tonse mpaka pansi pa mango paja, ine nditakweza makinawo m'mwamba ngati ndikupereka nsembe. Anakana katatu. Ndiye anatulutsa madola, ena akalekale, ena ong'ambika m'mbali, oti kubanki akakukanira uli chiimire. Nditamuwerengera pa mtengo wa kubanki anakwiya, akuti ku Lilongwe anyamata a mumsewu anamusinthira pa mtengo wokwera kwambiri. Sankanama. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mkangano umenewu ndimauchita pafupifupi sabata iliyonse, ndipo mlendo amaona ngati wakuba ndine. Pepani. Anatumiza pa Airtel Money kudzera kwa dalaivala wina, n'kumapita osatsanzika.

Lachitatu banja lija linapita kunkhalango ya Nkhotakota kukaona njovu. Usiku wake ndinali nditawauza kuti asavale zabuluu kapena zakuda, chifukwa kashembe amakopeka ndi mitundu imeneyi, n'chifukwa chake ngakhale nsalu zomukolera zimakhala zabuluu ndi zakuda. Bambowo anamvera. Mayiwo anavala malaya abuluu, akuti ndi okhawo a manja aatali. Anabwerako madzulo khosi litatupa malo anayi, njovu osaiona ngakhale imodzi. Anaona ndowe zake, mapazi ake m'mbali mwa mtsinje wa Bua, mitengo yothyoledwa kumene, basi.

"Munalemba kuti kuli njovu zoposa 500. Mutibwezere ndalama."

Zoona, zilipo. Mu 2016 ndi 2017 a bungwe la African Parks, amene anayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015 pamodzi ndi boma, anasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, pa nthawi yomwe opha nyama mozemba anali atasiyamo zosakwana 100. Ndinali mtsikana wa sekondale, ndipo nkhani ya njovu zokwera malole inali pakamwa pa aliyense. Koma nkhalangoyi ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, yamapiri ndi mitengo yothithikana ya mombo ndi tsamba. Sili ngati Liwonde komwe nyama zimatsikira ku Shire n'kumakuonekera zokha. Kuno njovu ikhoza kuima kuseri kwa tchire uku ikukumva fungo, iwe osadziwa. Ndinafotokoza zonsezi pang'onopang'ono. Mumtima ndinkati njovu si mbuzi yoti ndikaimangirire pa chikhomo, koma pakamwa panatuluka pepani. Ndinawapatsa mafuta odzola polumidwa paja, ndi kuwauza mosabisa kuti akadzamva kutentha thupi ngakhale atafika kwawo, akauze dokotala kuti analumidwa ndi kashembe ku Nkhotakota, chifukwa kaodzera kuno alipo. Ndinawakonzeranso ulendo wa kuboma kukaona mkuyu umene David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe, mfumu ya Chiswahili ya kuno, mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Mtengo sungathawe.

Alendo otere sandisowetsa tulo. Anasunga ndalama zaka zambiri kuti adzaone chimene anaona pa chithunzi, ndipo akakhumudwa ndimawamvetsa. Amene amanditopetsa kwenikweni nthawi zambiri amalankhula Chichewa ngati ine.

Lachinayi a manijala ananyamuka m'bandakucha ndi galimoto ya loji kupita ku Lilongwe kukasaka dizilo wa jenereta ndi gasi wophikira, n'kundisiyira makiyi onse. Cha m'ma 11 kunafika magalimoto awiri a matayala akuluakulu, anthu asanu ndi anayi ochokera ku ofesi ina ya ku Lilongwe, akuti adzachita msonkhano wounikira ntchito za chaka. Womaliza kutsika anali bwana wawo. Ndinamupatsa moni, anandiyankha ndi chala, kulozera chikwama chake. Kuyambira pamenepo dzina langa linali "iwe". Iwe, intaneti. Iwe, madzi ozizira. Iwe, yatsa jenereta. Ndinamufotokozera kuti dizilo watsala wa maola ochepa ndipo timasungira mafiriji usiku. Anati zimenezo si zake. Ndinati pepani bwana, n'kuyatsa. Msonkhano wake unatha 3 koloko, bala inayamba 3:05.

Tili ndi alonda athu a usiku, madala opitirira zaka 60, amene tonse timangowatchula kuti agogo. Anali asodzi moyo wawo wonse mpaka mwera unawalanda mng'ono wawo, ndiye anagulitsa bwato. Salankhula zambiri. Amayenda ndi tochi ndi chibonga, ndipo nyanja amaiwerenga ngati mmene ine ndimawerengera buku la alendo.

Itadutsa 10 koloko ndinamva phokoso kugombe. Bwana uja anali atavula nsapato ndi malaya, akuti akufuna akasambe kuti mowa utsike. Mafunde usiku umenewo ankafika mpaka pa mipando ya pamchenga, komanso chakumpoto kwa gombe lathu kuli bango komwe mvuu zimatulukira kukada. Agogo anaima kutsogolo kwake n'kunena kuti, "Bwana, madzi awa usiku uno sasambika." Anawakankha. Agogo anabwereranso pomwepo. Ndiye anawawomba mbama, chipewa n'kugwera mumchenga.

Anafika nawo pa kauntala atawagwira mkono ngati wagwira wakuba, anyamata ake akutsatira m'mbuyo ali duu.

"Iwe, mlonda wakoyu wandigwira. Andipepese pompano, ndipo mawa ndisamuonenso pano. Ukundidziwa kuti ndine ndani?"

Pepani anali atafika kale kunsonga ya lilime, chifukwa amabwera yekha osaitanidwa. Koma ndinayang'ana agogo. Anali atagwira chipewa ndi manja awiri, tsaya likunyezimira, mawondo atayamba kupinda. Ankafuna kugwada. Munthu wa msinkhu wa bambo anga ankafuna kugwadira amene wamumenya, kuti ine ndisavutike. Ndipo ndinadziwa chinthu china chimene bwanayo sankachidziwa: akanalowa m'madzimo, galimoto ya loji panalibe yoti ndimuthamangire nayo kuchipatala kuboma, bwato loti n'kulowa pa mafunde amenewo panalibe, ndipo womulondola m'madzimo akanakhala agogo omwewa.

"Agogo, imirirani bwinobwino," ndinatero. Kenako ndinatembenukira kwa bwanayo. "Bwana, madalawa achita zimene tinawalembera ntchito. Wofunika kupepesa pano si iwowa. Bala yatsekedwa, kiyi wanu ndi uyu."

Panali zii. Miyendo yanga inkanjenjemera kuseri kwa kauntala, mwayi kuti kauntala yathu ndi yaitali. Anatukwana, anatchula mayina a anthu akuluakulu amene akuti amadya nawo, anati pofika Lolemba ndidzakhala ndikugulitsa usipa pamsewu. Ine maso ali pa kiyi. Mapeto ake mmodzi wa anyamata ake anatola kiyiyo n'kumutsogolera kuchipinda, ali chosavala nsapato. Ndinalemba zonse m'buku la zochitika, nthawi yake ndi amene analipo, ndipo dzanja linkalemba zokhotakhota. Dalaivala wawo, amene ankadya nafe kondowole kuseri kwa khitchini chifukwa chipinda sanamulipirire, anangoti, "Achemwali, ife timaziona tsiku ndi tsiku," n'kupitiriza kudya.

Lachisanu m'mawa anabwera atavala magalasi akuda, za usiku osazitchula. Ankafuna lisiti. Mowa ulembedwe kuti chakudya, ndipo usiku umodzi ukhale masiku atatu. Pano ndisadziyeretse. Lisiti la makina a msonkho silisinthika, koma kabuku kolemba pamanja kalipo mudirowa, ndipo m'zaka zinayi zimenezi ndinalembapo malisiti otere kangapo, chifukwa gulu likakondwa limabweranso. Tsiku limenelo ndinakana, ndipo sikunali kuopa Mulungu ayi, unali mkwiyo basi. Ndinamupatsa la makina, mabotolo onse ali mndandanda. Analiyang'ana nthawi yaitali, analipira, ananyamuka. Masana anzathu achisilamu anapita kumzikiti, ndipo ndinatsala ndekha ndi kauntala, bala ndi foni, zomwe zinandithandiza kuti ndisamaganize za Lolemba.

A manijala anafika madzulo ndi zigubu ziwiri zokha za dizilo, atagona pamzere. Anawerenga buku lija ali chiimire. Anaitana agogo, anawafunsa ngati akufuna kukadandaula kupolisi, agogo anati iyayi, zatha. Anawapatsa masiku awiri opuma, agogo anakananso. Ine sanandikalipire. Anangondikumbutsa kuti ofesi imeneyo imabweretsa misonkhano kangapo pa chaka, ndipo miyezi imene azungu kulibe, malipiro athu amachokera kwa anthu ngati amenewo. Kenako anapita pansi pa mango paja kukaimba foni. Mphepo inkachokera komweko, ndiye ndinamva ndithu akuti, "Pepani kwambiri bwana, pepani." Ndinawawerengera, anakwana kasanu. Sindinawakwiyire kwenikweni. Pamalo pano timadyapo anthu 17.

Loweruka mwera unagona. Nyanja inali bata, miyala ya pansi ikuoneka mbee, ndendende chithunzi chija, patatsala ola limodzi kuti banja la ku Ulaya linyamuke. Mayi aja anaima pagombe osalankhula, kenako anabwera kudzalemba m'buku la alendo. Anadandaula za njovu mizere inayi, n'kuyamikira kampango mzere umodzi.

Lamulungu m'mawa ndikukonzeka kukwera kabaza kupita kwathu kukapuma, agogo anafika pa kauntala ndi jumbo. Munali nsapato zachikopa zakuda. Imodzi anaitola usiku womwewo, inayo mafunde anaitenga, ndipo anaipeza Loweruka m'bango muja. Anaziyanika pamthunzi kuti chikopa chisang'aluke, anazikutumula mchenga, anazipaka polishi wawo.

"Mwanawe, lemba m'buku la zotayika. Eni ake angazifune."

Ndinalemba: nsapato zakuda, peyala imodzi, saizi 9, wotola ndi mlonda wa usiku. Ndisanatseke bukulo foni ya loji inalira. Anali mlembi wa ku ofesi ija, akufunsa ngati taona nsapato za abwana, akuti n'zodula, tizitumize pa minibasi ya ku Lilongwe.

"Zilipo, mayi," ndinatero. "Muwauze kuti anazitola ndi madala aja."