Zikomo anthu abwino inu, masters yatha

Abale anga dissertation ndapereka dzulo, masters ya International Relations (za ubale wa mayiko) ku yunivesite ya Aberystwyth ku Wales yatheka basi! Ndiye ndati ndisagone ndisanathokoze anthu ena oti ngakhale mayina awo sindikuwadziwa.

Choyamba agogo ena achizungu musitima tsiku lomwe ndinkachokera ku Birmingham. Ine osadziwa kuti pa Machynlleth sitima ija imagawikana pawiri, mabogi ena amalowera ku Pwllheli, ndinali phee kolakwika ndi zikwama zanga ziwiri, iwo atangomva komwe ndikupita anandikoka dzanja kuti mwanawe sintha msanga. Agogo kulikonse komwe muli, Mulungu akudalitseni.

Mayi aku National Library of Wales inunso zikomo. Mutu wanga unali mkangano wa Malawi ndi Tanzania pa nyanja, nkhani ya pangano la Heligoland la 1890 lija Britain ndi Germany anaika malire kugombe la kum'mawa, ndiye munakhala nane masana onse kusakasaka mapu akale osatopa ata.

Dipatimenti yathu inayamba 1919, yoyamba padziko lonse pa maphunziro amenewa, koma ine sabata zoyambirira realism ndi constructivism, njira zofotokozera mmene mayiko amakhalirana, zinkangondizunguza mutu mpaka mnzanga waku Kenya anandifotokozera kukhitchini tikuphika nsima, iye amati ugali, tinakangananso pamenepo kkkk.

Amalawi aku Manchester amene munanditumizira ufa ndi usipa mu December muja kukuda 4 koloko, ndinalira ndithu. Amayi kumudzi akungouza aliyense kuti ndakhala kazembe, chonde ondidziwa kawauzeni kuti ntchito ndikusakabe.